Ntchito Yosalembedwa M'kope la Chipepeso

Aŵerengi, lero titsike pa Songani, pamsewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, ndipo tiloŵe m'mudzi momwe mwagwa zovuta. Dzina la mudziwo tisalifunse, pakuti zomwe tione n'zodziŵika m'midzi yonse yozungulira.

Abambo ali panja, akuwotha moto. Adzukulu alaŵirira kumanda m'bandakucha. Koma m'nyumba ya siwa muli amayi. Mmodzi wakhala kumbuyo kwa namfedwa, wamtsamiritsa pachifuwa ngati khanda, akummanga chitenje chikamasuka, akumnyengerera kuti amweko phala. Wina wabereka mwana wa malemu, yemwe sakumvetsa chomwe anthu akulirira. Winanso, wamaso akuthwa, waona kuti apachibale aŵiri omwe adakangana za munda akhala moyandikana, ndipo mwakachetechete wakadzipanikiza pakati pawo. Usiku wonse tulo palibe. Nyimbo ikazilala amaidzutsa, kuwopa kuti bata lingampatse namfedwa mpata woganiza.

Tsono tcherani khutu nthaŵi ya mawu ikakwana. Mwinimbumba aimirira nathokoza amfumu, adzukulu ndi a mpingo. Ndalama za chipepeso ziŵerengedwa kuchokera m'kope, dzina ndi dzina. Amayi akatchulidwa, ndiye kuti n'chifukwa cha nsima. Za chifuwa chija chidatsamiridwa mpaka kucha, zii!

Ntchito imeneyi sithera pamaliro. Nyanja ya Chilwa, yomwe matemba ake amadyetsa mabanja ambiri kuno, idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Asodzi adabwerako kumadooko monga Kachulu chimanjamanja, mabwato atatsala pamatope. Kutayika kwa nsomba kudalembedwa m'mabuku a akatswiri. Chomwe sichidalembedwe ndi madzulo aja mayi ankayamba wayang'ana nkhope ya mwamuna wake asadatsekule pakamwa, nasankha mawu opemphera ndalama ya mchere mosamchititsa manyazi, kenaka nauza ana kuti asasokosere poti bambo awo atopa, chikhalirecho akudziŵa kuti chatopa si thupi.

Sindikunena kuti abambo alibe chifundo. Kukumba manda m'dothi la chilimwe si maseŵera ayi. Komatu manda akakwiriridwa, khasu limatsukidwa n'kubwezedwa kwa mwini wake. Mayi uja alibe chobweza. Anankungwi adamlangiza akadali namwali kuti banja n'kupirira, ndipo iye adamva kuti mtendere wa pakhomo uli pamutu pake monga mtsuko. Banjalo likagwedezeka, ankhoswe amabwera tsiku limodzi, naweruza, natenga ulemu wonse wa kulimanga.

Anthu akamwazikana pamaliro, mayi wathu amatsalira kusesa ndi kubweza mapoto obwereka. Pofika kwake dzuŵa litapendeka, mawu atasasa, amapeza mbale zili mbwee, mwana akulira, ndipo bambo, yemwe adabwerako masana, akufunsa ngati madzi osamba atenthedwa.