Bodza Loti Amayi a ku Collinwood Adazimirira

Mbiri itamveka mu Okutobala 2023 yakuti mayi Lara Parker atisiya ali ndi zaka 84, okonda sewero lakale la pa wailesi yakanema lotchedwa Dark Shadows, m'malo mokhuza maliro mwaulemu, adadzutsanso mkangano wawo wamasiku onse wakuti mwa amayi amene adasewera m'nyumba yamizukwa ya Collinwood adapambana ndani ndipo adazimirira ndani. Ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa achinyamata zisudzo ndi kusankha oyenera kupatsidwa mbali m'masewero, mtima udandiwawa pomva ena akunena kuti mayiyu, atangovula chovala cha mfiti Angelique, sadachitenso kanthu koyenera kukumbukiridwa.

Kwa amene sadalionepo, sewerolo adalikonza ndi bambo Dan Curtis, ndipo wailesi ya ABC ku America idalionetsa kuyambira 1966 kufikira 1971, zigawo zonse pamodzi 1,225. Lidasimba za banja la Collins, za mizimu ndi ufiti, ndiponso za Barnabas, wakufa amene ankadzuka m'bokosi usiku kukayamwa anthu magazi. Zigawo zinkatuluka zisanu pa sabata, ndipo ankazijambula mwa njira imene ife timati live-to-tape, ndiko kuti osewera ayamba ndi kumaliza osaima, monga pabwalo pamaso pa anthu, pakuti kudula ndi kulumikiza tepi masiku amenewo kudali kodula ndi kovuta. Woiwala mawu ankaiwalira pamaso pa dziko lonse. Mayi amene adasenza katundu wotere chaka ndi chaka, kuloweza mawu atsopano usiku uliwonse, lero kukhala mtsikana wogulitsa khofi, mawa mkwatibwi wa m'chaka cha 1795, monga adachitira mayi Kathryn Leigh Scott pokhala Maggie Evans ndi Josette, ameneyo ndi mmisiri wotheratu, ndipo sindilola kuti ayesedwe ndi muyeso wa munthu amene sadaimepo kutsogolo kwa kamera.

Muyeso wa okanganawo ndi umodzi wokha, ndiwo mayi Kate Jackson, amene adalowa m'sewerolo mu 1970 ndipo pambuyo pake adamveka dziko lonse mu Charlie's Angels kuyambira 1976. Amati uyu ndiye adapulumuka, anzake onse lidawameza temberero la Collinwood. Koma taonani: kutchuka komweko ndiko kudamanga mayi Jackson manja, pakuti atapatsidwa mbali m'filimu ya Kramer vs. Kramer adalephera kuitenga chifukwa cha nthawi ya ntchito ya sewero la Charlie's Angels lija, ndipo mayi Meryl Streep, amene adalowa m'malo mwawo, adalandira nayo mphotho ya Oscar. Indetu walira mvula walira matope.

Nanga amene akuti adazimirirawo adapita kuti? Mayi Parker adaonekanso m'filimu ya Race with the Devil mu 1975, kenaka adabwerera kusukulu, adaphunzitsa Chingerezi, nalemba mabuku anayi a nthano za Collinwood, loyamba Angelique's Descent mu 1998 ndi lotsiriza mu 2016. Mayi Scott adakhazikitsa kampani yawo yosindikiza mabuku ya Pomegranate Press, osaleka kusewera. Mayi Alexandra Moltke, amene ngati Victoria Winters adatsegula chigawo choyamba, adachoka mu 1968, ndipo patapita zaka adasanduka wokonza mafilimu a nkhani zoona pansi pa dzina lakuti Alexandra Isles. Munthu amene wachoka kutsogolo kwa kamera nkukaima kumbuyo kwake, kapena kukakhala pa desiki ndi cholembera, maso a owonera samuonanso, koma kusaoneka kwake sikutanthauza kuti wagwa.

Okanganawo amakonda mawu akuti typecasting, kutanthauza kuti wosewera wadziwika kwambiri ndi mbali imodzi kotero kuti olemba ntchito sangathenso kumuganizira pa mbali ina. Sindikana kuti chinthuchi chilipo, ndipo nane pokhala pa mpando wosankha osewera ndimamva nkhope ya mbali yakale ikundikokera maso. Koma ndinena mosabisa kuti nthenda yaikulu ili kwina: alembi amalemba mbali zochuluka za atsikana ndi zochepa za amayi okhwima, kotero kuti mkazi akapitirira zaka makumi anayi makomo amayamba kutsekeka, kaya adasewerapo mfiti kaya mngelo. Umboni uli m'sewero lomweli. Mayi Joan Bennett adali kale nyenyezi ya Hollywood, atasewera m'mafilimu a Fritz Lang monga Scarlet Street ya 1945, ndipo mafilimu atawatembenukira msana, Collinwood ndiye adawalandira nawapatsa ntchito ya zaka zisanu, kenaka mu 1977 adasewera mu Suspiria ya Dario Argento. Mayi Grayson Hall, amene adasewera ngati dokotala Julia Hoffman, adafika atatchulidwa kale pa mndandanda wa Oscar chifukwa cha The Night of the Iguana ya 1964. Kwa amayi awiriwa nyumba imene ena amati idawononga anthu ndiyo idali pothawira, ndipo ine ndikuona kuti ntchito ya mayi Hall m'menemo, ngakhale ena amaiseka kuti idali yokokomeza, ili ndi moto umene masewero ambiri osalala a lero alibe.

Kwa achinyamata amene amandifunsa ngati avomere mbali m'sewero latsiku ndi tsiku, yankho langa, ngakhale silingakwanire aliyense, ndi lakuti vomerani, pakuti palibe sukulu yoposa imeneyo yophunzitsa kuloweza ndi kudziletsa. Koma muwerenge pangano lanu musanasaine, makamaka pamene likunena za zaka zimene mwamangidwa ndi za malipiro sewero likadzaonetsedwanso, ndipo ngati mungathe mufunse wodziwa malamulo. Pa nthawi yopuma musewereko pabwalo mbali yosiyana ndi imene anthu akukudziwani nayo, ndipo muphunzire luso lina loyandikana nalo, kaya kulemba, kaya kutsogolera sewero, nkhope yanu idakali yofunidwa.