Kuchuka kwa Buku ndi Ubwino wa Buku: Za Nthano Zopeka Zimene Tazinyalanyaza

Mphunzitsi wa zinenero akafunsidwa ndi ophunzira ake kuti awachulire buku labwino la nthano yopeka lolembedwa ndi munthu wa kuno kwathu, dzina limene limafulumira kufika pakamwa pake ndi la buku limene linamveka kale kunja kwa dziko. Zimenezi sizicitika mwangozi. M'nkhani ino tifuna kufotokoza njira zimene buku limachukira pakati pathu, ndiponso kuonetsa kuti njira zomwezo n'zimene zasiya kumbuyo nchito zina zimene mwini cinenero aliyense anayenera kuzidziwa. Funso limeneli likhudza kwambiri ife amene tisankha mabuku a m'kalasi, pakuti buku limene silinalowe m'silabasi kapena m'laibulale ya sukulu kawirikawiri silisindikizidwanso, ndipo pakapita zaka makumi awiri limasowa ngakhale kwa ofufuza.

Tiyambe ndi buku limene lachuka koposa m'zaka zapitazi. The Old Drift la Namwali Serpell linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke ku Britain. Mlembi wake anali atalandira kale mphotho ya Caine mu 2015 cifukwa ca nthano yake yaifupi. Bukuli litsata mabanja atatu kuyambira pa mudzi wa azungu oyamba pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, kudzera m'masiku a Edward Mukuka Nkoloso ndi maloto ake a mu 1964 otumiza anthu kumwezi, mpaka m'zaka zam'tsogolo zongoganizira. Ndi buku loyenera ulemu umene linalandira, ndipo sitifuna kulicepsa. Koma tiyenera kuona kumene ulemuwo unacokera: linasindikizidwa ku London ndi ku New York, linayamikiridwa m'manyuzipepala a komweko, ndipo mbiri yake inafika ku Lusaka ngati mlendo wocokera kutali. Zinateronso ndi Patchwork la Ellen Banda-Aaku, limene linapambana mphotho ya Penguin mu 2010, ndi The Mourning Bird la Mubanga Kalimamukwento, limene linatulukira ku Johannesburg mu 2019 litapambana mphotho ya Dinaane. Onse atatuwa analembedwa m'Cingerezi, ndipo onse anayamba avomerezedwa kunja, ife tisanawatsegule.

Mcitidwe umenewu ndi wakale kuposa mmene ambiri aganizira. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. M'caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, ndipo Julian Huxley analemba mawu oyamba. Kumasulirako kunapatsa Ntara dzina m'mabuku a akatswiri a zolembalemba za mu Africa, koma ambiri mwa akatswiriwo sanaone Cinyanja cake ndi maso awo. Amene awerenga bukuli m'cinenero cake aona kuti mphamvu yake siili pa kutembenuka mtima kwa Nthondo kumapeto, kumene mwina amishoni anakondwera nako koposa, koma pa mmene mlembi afotokozera moyo wa pamudzi: kubadwa kwa mwana, milandu ya pabwalo, maliro, ulendo wokafuna nchito kutali, ndi kulonga ufumu. Zimenezi zili m'mawu amene anthu ake analankhuladi.

Pakati pa 1948 ndi nthawi ya ufulu, bungwe la Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau linatsegula njira ina. Linali kulandira zolemba za m'zinenero zathu, kuzikonza, ndi kugwirizana ndi makampani osindikiza kuti zituluke pa mtengo umene kalaliki kapena mphunzitsi akanatha kulipira. M'nthawi imeneyo ndi mmene Stephen Mpashi analembera mabuku ake a Cibemba, monga Cekesoni Aingila Ubusoja ndi Pano Calo, amene anthu anawerenga cifukwa cakuwakonda, mayeso asanawakakamize. Ufulu utabwera, nchitoyi inagwera m'manja mwa Kenneth Kaunda Foundation, yokhazikitsidwa mu 1966, ndi kampani yake ya NECZAM. Koma m'caka comweco ca 1966 lamulo la maphunziro linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira giredi 1. Kuyambira pamenepo buku la Cinyanja linali ndi msika umodzi wokha wodalirika, ndiwo phunziro la Cinyanja lenilenilo, ndipo wosindikiza sanafunenso kuika ndalama zake pa nthano imene komiti ya silabasi sinaisankhe. Kuwonjezera apo, Malawi atasintha dzina la cinenero kukhala Chichewa mu 1968 ndi kukhazikitsa malamulo ake a kalembedwe, Zambia nayenso anavomereza ake mu 1977. Msika umene unali umodzi m'masiku a Bureau unagawika pawiri, kotero kuti Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe kapena Njala Bwana la Willie Zingani linayamba kuoneka lacilendo pang'ono m'maso mwa mwana wa ku Katete, ngakhale kuti m'khutu mwake munalibe cacilendo ciliconse.

Pa zonse zimene tazinyalanyaza, palibe imene idabwitsa kuposa nchito ya Julius Chongo. Sitinganene kuti iye sanachuke. Pulogalamu yake ya pa wailesi, Poceza m'Madzulo, imene inamveka kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1970, inali kusonkhanitsa anthu pamodzi m'midzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa ndi m'makomboni a Lusaka. Palibe mlembi wa Cingerezi m'dziko lino amene anafikapo m'makutu ambiri cotero. Komabe m'mabuku ofotokoza mbiri ya zolembalemba za m'Zambia dzina lake lipezeka mwa apo ndi apo, cifukwa ofufuza anazolowera kuwerenga ngati mlembi munthu yekhayo amene nchito yake inayambira pa pepala.

Chongo anali kukonza nthano zake yekha, zina kuzitenga m'nthano za makolo ndi kuziumba mwatsopano, zina kuzipeka kucokera m'moyo wa m'tauni, ndipo pozikamba anali kusintha mawu ake kuti mkazi, nkhalamba, mfumu ndi kamnyamata konyada aliyense amveke payekha. Luso lake lalikulu linali pa mvekero. M'Cinyanja mvekero si cokometsera cabe ayi. Umatha kuimira mneni wonse, kufulumizitsa nkhani kapena kuiimitsa. Tikati munthu anangoti zii, kapena kuti kunja kunaca kuti mbee, tanena m'liwu limodzi zimene Cingerezi cingafune ciganizo cathunthu kuti cinene. Ngakhale dzina la buku lake losindikizidwa, Fumbi Khoboo!, laima pa mvekero. Anali kugwiritsanso nchito mawu a Cingerezi ndi a m'tauni mocenjera, kuwaika m'kamwa mwa mpangankhani wofuna kuoneka wophunzira, kotero kuti womvera anali kumzindikira munthuyo asanauzidwe khalidwe lake. Tiyenera kuyamika Ernst Wendland, amene analemba za nthano zimenezi pa digiri yake ya udokotala ku University of Wisconsin mu 1979, ndipo mu 2004 anatulutsa zina mwa izo pamodzi ndi kumasulira kwake kudzera ku UNZA Press. Pakadapanda iye zambiri zikadangotha ndi matepi. Koma tinene mosabisa kuti n'zocititsa manyazi pang'ono kuti wophunzira wa Cinyanja angathe kutsiriza maphunziro ake akudziwa Chinua Achebe bwino lomwe, osamvapo ngakhale nthano imodzi ya Chongo ikuwerengedwa mokweza.

Buku lina loyenera kulicotsa pa fumbi linalembedwa m'Cingerezi, koma likhudza aphunzitsi a zinenero zathu mwa njira ina. A Cowrie of Hope la Binwell Sinyangwe linatuluka mu 2000 m'gulu la mabuku la African Writers Series la Heinemann, gulu limene linayamba mu 1962 ndipo linatulutsanso The Tongue of the Dumb la Dominic Mulaisho mu 1971. Tsoka la Sinyangwe linali lakuti anafika gululo litatsala pang'ono kuleka kulandira mabuku atsopano, nthawi imene dzina la Heinemann linali litasiya kukweza mlembi monga kale. Nthanoyi ndi ya Nasula, mkazi wamasiye wosadziwa kuwerenga wa kumpoto kwa dziko lino, amene acibale a mwamuna wake anamlanda katundu yense. Mwana wake wamkazi, Sula, wapambana mayeso, koma ndalama za sukulu palibe. Nasula anyamula thumba lake limodzi la nyemba kupita nalo ku Lusaka, kumene wakuba wovala bwino amnyenga ndi kuthawa nalo. Nkhani yonse yatsamira pa thumba limodzilo.

Cimene cipatsa bukuli mtengo ndi cakuti lionetsa zaka za m'ma 1990 monga mmene munthu wa pamudzi anazimvera m'thupi mwake, nthawi imene boma linacotsa thandizo pa feteleza ndi pa malonda a zokolola, ndipo lamulo la 1989 loteteza cuma ca amasiye linalipo pa pepala koma silinafike pakhomo pa Nasula. Cinanso ndi kalankhulidwe. Dzina lakuti Nasula litanthauza mayi wa Sula, ndipo anthu a m'bukuli aitanana, apatsana moni ndi kudandaula mwa njira imene ionetsa poyera kuti mlembi anali kumva cinenero ca kwawo pamene anali kulemba Cingerezi. Ena adandaula kuti mapeto ake ndi okoma mopitirira, popeza wapolisi wamkulu woona mtima aonekera pa nthawi yoyenera. Dandaulo limeneli lili ndi maziko, koma m'kalasi lingasanduke phindu, pakuti ophunzira angathe kufunsidwa ngati mapeto otero si ofanana ndi a nthano za makolo, m'mene wamasiye wozunzidwa kawirikawiri amapeza womuimira. Mphunzitsi angapatsenso ophunzira ndime imodzi kuti aibwezere m'Cinyanja, ndipo iwo adzaona okha malo amene Cingerezi cinali kungobwereka maganizo a cinenero cina.

Za mabuku a cikondi ndi upandu amene acinyamata anali kubwerekana mpaka zikuto kuthothoka, monga a gulu la Pacesetters la Macmillan kuyambira mu 1977, kapena amene Aubrey Kalitera anali kudzisindikizira yekha ku Blantyre, sitinenapo zambiri pano. Akatswiri anawayesa opepuka, komabe ndiwo anaphunzitsa mbadwo wonse cizolowezi cowerenga popanda mkwapulo wa mayeso, ndipo afunika nkhani yawoyawo.

Mu 2014, pamene sukulu za boma zinayamba kuphunzitsa ana a giredi 1 mpaka 4 m'zinenero za m'madera awo, panasindikizidwa timabuku tambiri ta ana oyamba kuwerenga, koma nthano zazitali za akuluakulu sizinapindule nazo. Nchito imene madipatimenti a zinenero angaiyambe popanda kudikira wosindikiza ndi ya kalembera: kulemba maina a mabuku onse a nthano a m'nthawi ya Bureau ndi ya NECZAM, kupeza kumene kope lililonse latsala, kaya ku National Archives of Zambia, m'malaibulale a mishoni kapena m'masutukesi a aphunzitsi opuma pa nchito, ndi kulijambula pa kompyuta pepala lisanadyedwe ndi ciswe.