Agogo Anabadwa Chaka Chanji?

M'chaka cha 2017, pamene boma linkalemba anthu kuti alandire zitupa za unzika, ambiri a ife kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe tinachita manyazi ndi funso laling'ono. Mlembi anafunsa kuti mayi wokalambayu anabadwa liti, ndipo ife adzukulu, amene tinapita kusukulu, tinangoyang'anana. Agogo athu aakazi anadziyankhira okha kuti chaka cha njala anali akali kumsana. Mlembi analemba chaka chimene anachiganizira, ife n'kubwerera kumudzi titazindikira kuti zaka za osewera mpira a ku England tikuzidziwa, koma za mayi amene anabala amayi athu, ayi.

Komatu yankho la agogo silinali la umbuli. Makolo athu ankasunga zaka pozimangirira ku zinthu zazikulu zimene zinagwa m'dziko. Iwo ali ndi nkhani, mabuku ali ndi manambala a zaka, ndipo ntchito ya mwana wodziwa kuwerenga ndiyo kukumanitsa ziwirizi.

Njala imene agogo ankanena ndi ya 1949. Mvula ya dzinja la 1948 kulowa 1949 inadukiza, chimanga chinauma m'minda, ndipo boma lathu lino la Blantyre linali pakati pa madera amene anazunzika koposa. Miyezi yowawitsa inali ya kumapeto kwa 1949 ndi kuyambiriro kwa 1950. Tsono munthu amene anali kumsana nthawi imeneyo anabadwa cha m'ma 1948 kapena 1949. Tichenjere pang'ono pamenepa, pakuti njala zagwa zingapo, ndipo achinyamata akamva mawuwa amaganiza za 2002.

Pali buku lolembedwa m'Chingerezi ndi mayi wina wa ku Britain, katswiri wa mbiri yakale, dzina lake Megan Vaughan. Linatuluka mu 1987 ndipo mutu wake ndi The Story of an African Famine. Nkhani yake ndi ya midzi yathu yomwe ino ya m'boma la Blantyre. Mayiyu sanakhutire ndi makalata a atsamunda okha. Anakhala pansi ndi amayi a m'midzi, namvetsera nyimbo zimene ankayimba posinja pa mtondo, pakuti m'nyimbozo ndi mmene amayi anasungiramo zimene makalata a boma sanalembe. Anapeza kuti amuna ambiri, pokhala akamwini m'midzi ya akazi awo, ananyamuka kunka kukasuma chakudya kwawo kapena kumadera kumene mvula inagwa. Ena anabwerako ndi kachimanga pamutu. Ena sanabwerenso, nakwatira komweko, ndipo akazi osiyidwawo ndi ana awo ndiwo anaona zowawa zoposa.

Titawerenga zimenezi tinakumbukira chinthu chimene sitinachifunsepo m'banja mwathu. Agogo ankatchula amayi awo, atsibweni awo, ngakhale mbuzi zimene ankaweta, koma dzina la atate awo silinkamveka. Tsiku lina madzulo, akusenda nandolo pakhonde, tinawafunsa mwaulemu kuti, “Agogo, kodi bambo anu anamwalira liti?” Anakhala chete kanthawi, kenaka anati sanamwalire pamudzi pano, anapita kukasuma ndipo amayi awo anawadikira mpaka chimanga chatsopano chinacha. Sananene zambiri, nafenso sitinawakakamize. Patapita masabata angapo anatitchulira okha dzina la mudzi wa atate awowo. Bukulo silinatipatse mbiri ya banja lathu, koma linatipatsa funso loyenera kufunsa.

Zizindikiro zina za zaka n'zosavuta. Njanji yodutsa pa Lirangwe kunka ku Salima inatsegulidwa mu 1935. Amene atate awo anapita ku nkhondo ya Hitler akunena za 1939 mpaka 1945. Amene anathamangira ku bwalo la ndege la Chileka kukaona Dr. Banda akubwera kumudzi akunena za pa 6 July 1958, ndipo chaka chotsatira, pa 3 March, ndi pamene atsamunda anamanga atsogoleri a Congress. Amene analipira msonkho woyamba ndi kwacha m'malo mwa mapaundi akunena za 1971 kapena pambuyo pake. Ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, n'kupha amuna athu ochokera ku migodi ya ku Joni, inagwa mu April 1974.

Kenaka pali mapepala. M'nyumba zambiri muli chikwama kapena sutikesi yakale pansi pa bedi, mmene muli khadi la ubatizo, chiphaso cha msonkho, kalata yochokera ku Harare kapena ku Bulawayo. Inu akatekisiti mukudziwa kuti buku la ubatizo la ku parishi limasunga dzina la wobatizidwa, la atate ndi amayi ake, mudzi wake ndi amene anamuimira, ndipo pambali pamalembedwanso za ukwati wake. Thandizani mabanja kulifufuza. Koma awuzeni kuti tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa, chifukwa makolo athu ambiri anabatizidwa ali akuluakulu ataphunzira katekisimu zaka zingapo. Maina nawonso amasokoneza. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi dzina la paubwana, la paubatizo, lina limene aphunzitsi analemba m'kaundula, ndi lina limene anadzipatsa pokalembedwa ntchito. Funsani onsewa, pamodzi ndi mfunda wa atate ndi wa amayi. Musaiwale atsibweni, pakuti kwa ife amene mbumba imatsata mayi, iwo ndiwo amadziwa amene anagawira banja munda ndi pamene malire ake alekezera. Milandu ingati ya malo imene imafika kwa amfumu chifukwa wodziwa malire anaikidwa m'manda asanafunsidwe!

Ife tinagula kope la mwana wa sukulu. Mdzukulu wa Sitandade 7 ndiye amalemba, ndipo akatha amawerenga mokweza kuti agogo akonze pamene walakwa. Amakonza kawirikawiri, nthawi zina mokalipa. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambiri mu March 2023, anansi ena anataya mapepala awo onse m'matope, motero tinajambula tsamba lililonse pa foni n'kutumiza kwa abale a ku Lilongwe ndi ku Joni. Kopelo limakhala m'pepala la pulasitiki pamwamba pa kabati. Latsala ndi masamba ochepa, ndipo tsamba la mudzi wa atate a agogo lili ndi mzere umodzi wokha. Tapangana kuti tikakolola tidzapiteko.