Masters ya Zaluso ku East Midlands: Khalani Pansi Muwerengere Kaye

Usiku wina m'nyengo yozizira, cha m'ma 3 koloko, lamba woyendetsa katundu anaima m'nyumba ina yosungiramo katundu kunja kwa Leicester, kumene ndimalondera pageti. Mbale wina wa mumpingo mwathu, amene amalongedza makatoni kumeneko, anatulukira pageti kudzapuma n'kundiuza kuti, "Abusa, vuto lili pa sensa, ndamva kalirire ka makinawo." Koma sankaloledwa kugwira ngakhale sipanala. Anadikira maola awiri kufikira injiniya atabwera, ndipo atatsegula anapeza kuti ndi sensa yomweyo. Mbaleyu kwathu anali mphunzitsi wa zamagetsi pakoleji ya ntchito zamanja kwa zaka 7.

Lamlungu lotsatira titaweruka anandipeza n'kunena kuti, "Mundipempherere, ndikufuna kuchita Masters." Tinapemphera. Titati ameni ndinamufunsa kuti Masters yake iti, ya ndalama zingati, nanga ikamutsegulira khomo liti. Anangoti kukamwa yasa.

Mwina nanunso muli pomwepo. Muli ndi digiri ya ku Polytechnic, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, kapena munaphunzira ku Soche, Nasawa, Lilongwe kapena Livingstonia. Lero mukusamalira okalamba, mukuyendetsa forklift ku Magna Park, kapena mukuimirira pageti ngati ine. Mtima ukukuuzani kuti mubwerere kusukulu. Maganizo amenewo ndi abwino, koma fulumirani anadya gaga. Masters yolowa mwachimbulimbuli imasiya ngongole m'nyumba, munthu n'kubwerera pa shifiti yomwe ija ali ndi chithunzi cha gauni pakhoma.

Luso ndi mphatso ya Mzimu

Choyamba tichotse manyazi. Ambirife tinakula tikumva kuti ntchito zamanja ndi za amene sanasankhidwe kupita ku Chancellor College. Malemba satero. Pa Eksodo 31, Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito ya zitsulo, miyala ndi matabwa, ndipo chaputala 35 chimaonjezera kuti iye ndi Oholiabu anapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Mmisiri ndi mphunzitsi wa amisiri onse ali m'ndime imeneyi. Ife a Pentekoste, amene timakonda kulankhula za mphatso za Mzimu, sitiyenera kuiwala imeneyi.

Dera limene tikukhalali linamangidwa ndi luso lotere. Makina oluka masokosi anapangidwa mu 1589 ndi William Lee wa ku Calverton, pafupi ndi Nottingham, ndipo Leicester inadzatukuka ndi mafakitale a zoluka ndi nsapato. Lero ku Derby kuli Rolls-Royce, imene imapanga injini za ndege, ndi Alstom, imene imapanga sitima za pamtunda. Ku Burnaston Toyota yakhala ikupanga magalimoto kuyambira 1992. Ku Hinckley kuli likulu la njinga zamoto za Triumph, ku Desford kuli Caterpillar.

Mayunivesite a kuno anakula pamodzi ndi mafakitalewo. Loughborough University inayamba mu 1909 ngati kasukulu ka zaluso. Pansi pa Herbert Schofield, amene anaitsogolera kuyambira 1915, ophunzira ankaphunzira akupanga zinthu zenizeni zokagwiritsidwa ntchito, ndipo inakhala yunivesite mu 1966. De Montfort University inali Leicester Polytechnic kufikira 1992. University of Leicester, Nottingham Trent, University of Nottingham ndi University of Derby nazonso zili ndi maphunziro a uinjiniya. Onsewa ali pamtunda woti mutha kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Funso loyamba: mapepala anu akuti chiyani?

Pa Luka 14, Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Pa nkhani ino kuwerengera kumayambira pa viza yanu.

Mayunivesite a ku England ali ndi mitengo iwiri, wa anthu a m'dziko muno ndi wa ochokera kunja. Kuti mulipire mtengo wa m'dziko muno, kawirikawiri mumafunika kukhala ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, komanso kuti mwakhala kuno zaka 3 maphunziro asanayambe. Ngongole ya boma ya Masters, imene inayamba mu 2016, imatsata malamulo ofanana ndi amenewa. Ngati muli pa viza ya ntchito, mutha kuphunzira, koma mulipira ngati wochokera kunja, ndipo Masters ya uinjiniya pamtengo umenewu imaposa mapaundi 15,000, kwina kuyandikira kuwirikiza kawiri. Ngati kwatsala chaka chimodzi kapena ziwiri kuti mukhazikike, kudikira sikusowa chikhulupiriro. Kungakupulumutsireni mapaundi masauzande angapo.

Enanu mukufuna kuitanira mng'ono wanu kuchokera kumudzi. Dziwani kuti kuyambira January 2024, wobwera kudzachita Masters ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi mkazi kapena ana. Pa viza ya sukulu amangogwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ikamayenda, ndipo malipiro a maola amenewo sangakwanire fizi, lendi ndi chakudya. Musamulonjeze kuti akafika adzadzilipirira yekha. Ngati ali ndi digiri yabwino, ayese kaye Chevening kapena Commonwealth Scholarship, podziwa kuti zimenezi zimafuna kuti akamaliza abwerere kwawo.

Funso lachiwiri: satifiketi yanu ikulemera bwanji kuno?

Masters kuno ili pa Level 7. Digiri yoyamba yokhala ndi honours ili pa Level 6, HND pa Level 5, HNC pa Level 4. Bungwe la UK ENIC, limene kale linkatchedwa UK NARIC, ndi limene limayerekeza mapepala a kunja ndi a kuno, ndipo limapereka kalata yake mukalipira. Yunivesite iliyonse imasankha yokha amene imulandire, koma kalatayi ikuthandizani kudziwa pamene mwaima.

Mbale wathu uja atafufuza anapeza kuti dipuloma yake siingamulowetse Masters. Poyamba anakhumudwa. Kenako anazindikira kuti chimene chinamuletsa kugwira makina usiku uja sichinali kusowa Masters ayi. Ankasowa mapepala a kuno osonyeza kuti amadziwa malamulo a mawaya a m'dziko lino, otchedwa BS 7671, ndi satifiketi ya Level 3 yovomerezeka. Zimenezi zimapezeka m'makoleji ngati Leicester College, Loughborough College ndi Derby College, ena madzulo, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi Masters. Kwa ambiri a inu, khomo loyamba ndi limeneli.

Funso lachitatu: mukufuna kukathera kuti?

Ngati mukufuna kukhala injiniya wovomerezeka, onani mndandanda wa Engineering Council. Bungweli limalemba amisiri m'magulu monga EngTech, IEng ndi CEng. Njira yodziwika yofikira pa CEng imadutsa pa Masters imene mabungwe monga IET kapena IMechE anaivomereza. Makosi awiri atha kukhala ndi mayina ofanana, ina yovomerezedwa ina ayi. Funsani musanalipire dipoziti. Funsaninso ngati pulojekiti yomaliza imachitikira mufakitale, chifukwa abwana a kuno amafunsa zimene munachitapo kuno, ndipo pulojekitiyo ndi imene mungakaonetse pa intavyu. Masters ili ndi makirediti 180. Imatenga chaka chimodzi mukamaphunzira nthawi zonse, kapena zaka ziwiri kapena kuposerapo mukamaphatikiza ndi ntchito.

Ngati mtima wanu uli pa kuphunzitsa, njira ndi ina. Makoleji a ku England amavutika kupeza aphunzitsi a uinjiniya ndi zomangamanga, popeza mafakitale amalipira bwino kuposa makoleji. Chiyambireni maphunziro a T Level mu 2020, anthu odziwa ntchitozi akufunika kwambiri m'kalasi. Kuti muphunzitse pakoleji simufunika Masters. Mufunika luso lanu, Chingerezi ndi masamu, kenako Diploma in Teaching, Certificate in Education kapena PGCE ya makoleji, zimene ambiri amaziphunzira akuphunzitsa kale. Masters ya zamaphunziro imathandiza pambuyo pake, mukafuna kutsogolera dipatimenti kapena kukonza silabasi.

Ngati muli kale pantchito m'fakitale, funsani abwana anu za apprenticeship. Si ya anyamata okhaokha, ndipo ina imafika mpaka pa digiri, fizi ikulipiridwa popanda inu kutulutsa kanthu. Malamulo a viza amakhudzanso zimenezi, choncho funsani bwinobwino.

Mtengo umene suli pa risiti

Ine ndinaphunzira sukulu ya Baibulo ndikugwira ntchito usiku, ndipo ndikudziwa amene amalipira kwenikweni. Ndi mayi a kunyumba amene amatenga mashifiti oonjezera. Ndi ana amene amakuonani muli pa laputopu Loweruka lonse. Ndi makolo kumudzi amene ndalama ya feteleza ichedwa kuwafika. Khalani nawo pansi musanalembetse, muwauze zoona za miyezi imene ikubwera. Munthu amene akuphunzira banja likudziwa amapirira, koma wobisa ngongole amagumula nyumba yake.

Ifenso atsogoleri tili ndi mbali yathu. Mlongo akajomba mapemphero a usiku chifukwa cha mayeso, tisamutche wobwerera m'mbuyo. Mutu umodzi susenza denga: amene muli kale mainjiniya ndi aphunzitsi mumpingo muno, werengani makalata a anzanu ofunsira malo, alozereni njira.

Musaiwalenso kwathu. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a zaluso m'maboma. Makoleji amenewa amafuna aphunzitsi odziwa makina a masiku ano. Zimene mungaphunzire ku Loughborough kapena ku Derby tsiku lina zikhoza kukathandiza mwana wa ku Ngara kapena ku Thyolo.

Mbale wathu uja tsopano amapita kukoleji madzulo awiri pa sabata. Masters sanaitaye, waiika pamzere wachitatu wa pulani yake. Inunso sabata ino tengani pepala, mulembe zinthu zitatu: viza yanu ndi tsiku limene mukuyembekezera kukhazikika, Level ya satifiketi yanu, ndi dzina la ntchito imene mukuifuna. Lamlungu mubwere nalo pepalalo, tidzapempherere limodzi zimene mwalemba.