Magetsi a mphepo ya panyanja asanduka nkhani ya ndale

Pomwe boma la Britain lidalengeza zotsatira za mpikisano wa makampani ofuna kupanga magetsi m'mwezi wa September 2023, zidadziwika kuti padalibe kampani ngakhale imodzi yomwe idadzipereka kukamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo panyanja.

Izi zidachitika m'dziko lomwe kwa zaka zoposa khumi lidali patsogolo pa ntchitoyi pa dziko lonse lapansi. Mphepo ya panyanja ya North Sea idali ikuombabe monga mwa masiku onse, koma makampani adati mtengo womwe boma lidalonjeza kuwalipira udali wosakwanira kubweza ngongole zomangira makinawo.

Kuchokera nthawi imeneyo zakhala zikuonekera poyera kuti tsogolo la magetsi a mtunduwu, omwe maiko olemera akuwadalira pofuna kuchepetsa mpweya woipa wosokoneza nyengo, lili m'manja mwa maboma, nyumba za malamulo ndi makhoti.

Ntchitoyi idayambira ku Denmark m'chaka cha 1991, pomwe adaimika makina 11 m'madzi osaya pafupi ndi mudzi wa Vindeby. Makina onsewo pamodzi ankatulutsa pafupifupi mamegawati 5. Makina amodzi okha mwa omwe aimikidwa ku Dogger Bank, mtunda wa makilomita oposa 130 kuchokera kugombe la England, amatulutsa mamegawati 13. Kutalika kwake kumafika mamita 260, ndipo phiko lililonse mwa mapiko ake atatu ndi lotalika mamita 107, kuposa bwalo la mpira wamiyendo.

Malo a Hornsea Two, omwe adatha kumangidwa mu 2022 ndipo ali ndi makina 165, ali ndi mphamvu yoposa mamegawati 1,300. Mphamvu imeneyi ikufanana ndi ya malo khumi onga a Kapichira pa mtsinje wa Shire.

Chomwe chimakokera makampani kunyanja ndi chakuti kumeneko kulibe mapiri, mitengo kapena nyumba zotchinga mphepo, choncho imaomba mwamphamvu komanso mosadukizadukiza. Liwiro la mphepo likawonjezeka kawiri, mphamvu yomwe ili m'mphepoyo imawonjezeka kasanu ndi katatu, kotero kusiyana kochepa kwa liwiro kumabweretsa kusiyana kwakukulu pa magetsi otuluka. Nyanja ya North Sea ilinso ndi madera ambiri osaya, komwe nkotheka kukhomerera mizati yachitsulo pansi pa nyanja.

Koma kumanga panyanja ndi ntchito yodula kwambiri. Pamafunika sitima zapadera zonyamula ndi kuimika mizati, nthambo zodutsa pansi pa madzi kukafika kumtunda, komanso madoko otha kulandira katundu wolemera chotere. Pamenepa ndi pomwe pagona kusiyana kwa magetsi a mphepo ndi a gasi kapena malasha. Malo opangira magetsi ndi gasi amawononga ndalama zambiri pogula gasiyo tsiku ndi tsiku, pomwe malo a mphepo amadya pafupifupi ndalama zake zonse pachiyambi, asadagulitse ndi yunitsi imodzi yomwe. Gawo lalikulu la ndalamazo limakhala la ngongole, choncho mtengo wa magetsi a mphepo umatsatira kwambiri chiwongoladzanja.

Obwereketsa ndalama sangapereke ngongole yotere popanda chitsimikizo cha mtengo womwe magetsiwo adzagulitsidwe. Kaamba ka ichi, boma la Britain lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Contracts for Difference kudzera m'lamulo la mu 2013. Makampani amapikisana potchula mtengo womwe angalandire, ndipo otsika mtengo ndiwo amapambana. Wopambana ankatsimikiziridwa mtengowo kwa zaka 15. Mtengo wa pamsika ukatsika kuposa wa m'panganolo, kampani imalandira ndalama zowonjezera kuchokera m'mabilu a ogwiritsa ntchito magetsi. Ukakwera, kampaniyo imabweza zotsalazo, monga zidachitikira mu 2022 pomwe gasi adakwera mtengo kutsatira nkhondo ya Russia ndi Ukraine.

Ngakhale malo omangapo ali m'manja mwa boma. Ku England ndi ku Wales, pansi pa nyanja pamayang'aniridwa ndi bungwe la Crown Estate, ndipo kampani iliyonse imayenera kupeza chilolezo ndi kulipira lendi isadakhome mzati.

Ndondomekozi zidakhazikika chifukwa zipani zikuluzikulu za dzikolo zidali zogwirizana pa nkhani ya nyengo. Mu 2008, boma la chipani cha Labour lidabweretsa lamulo la Climate Change Act, lomwe lidalamula kuti mpweya woipa uchepetsedwe ndi 80 pa 100 aliwonse pofika chaka cha 2050, ndipo aphungu omwe adalikana sadapitirire asanu. Mu 2019, boma la chipani cha Conservative motsogozedwa ndi mayi Theresa May lidakhwimitsa lamulolo kuti pofika 2050 mpweya womwe dzikolo likutulutsa usamapose womwe likuchotsa mumlengalenga. Chaka chotsatira, nduna yaikulu Boris Johnson adalonjeza mamegawati 40,000 a panyanja pofika 2030, ndipo adayerekeza mphepo ya dziko lake ndi mafuta a dziko la Saudi Arabia.

Tisaiwale kuti kukonda nyanja kudalinso ndi chifukwa chake cha ndale. Mu 2015 boma la David Cameron lidaika malamulo omwe adachititsa kuti kumanga makina a mphepo pamtunda ku England kukhale kosatheka, kaamba ka madandaulo a anthu a m'madera akumidzi omwe ambiri amavotera chipani chake. Panyanja palibe dera la phungu aliyense. Chiletsocho chidachotsedwa mu July 2024.

Zipatso za mgwirizanowu zidaoneka. Pa mpikisano woyamba mu 2015, makampani adapambana pa mtengo wa pakati pa mapaundi 114 ndi 120 pa mayunitsi 1,000 aliwonse. Pofika 2022 mtengowo udatsika kufika pa mapaundi 37.35, potengera mphamvu ya ndalama ya chaka cha 2012 yomwe boma linkagwiritsa ntchito powerengera. Malasha, omwe mu 2012 ankapereka pafupifupi 40 pa 100 aliwonse a magetsi a dzikolo, adasiyidwiratu pa 30 September 2024 pomwe malo omaliza a Ratcliffe-on-Soar adatsekedwa. M'chaka chomwecho mphepo, ya pamtunda ndi ya panyanja pamodzi, idapereka pafupifupi 30 pa 100 aliwonse a magetsi.

Kutsika mtengo kumeneku kudapusitsa ambiri. Ena mwa andale adayamba kuganiza kuti mtengowo uzingotsika chaka ndi chaka, osazindikira kuti gawo lina la kutsikako lidachokera ku ngongole zotchipa za nthawi imeneyo. Banki yaikulu ya dzikolo, yomwe mu 2021 chiwongoladzanja chake chidali pa 0.1 pa 100 aliwonse, idachikweza mpaka kufika pa 5.25 mu August 2023. Zitsulo, nthambo ndi sitima nazo zidakwera mtengo. Mu July 2023 kampani ya Vattenfall ya ku Sweden idaimitsa ntchito ya Norfolk Boreas ponena kuti ndalama zomangira zidakwera ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Ngakhale zidali chomwechi, boma lidakakamira pa malire a mapaundi 44, ndipo zotsatira zake ndi zija za mu September.

Patangotha miyezi iwiri boma lidakweza malirewo kufika pa mapaundi 73. Pa mpikisano wa 2024 ntchito zatsopano zidapambana pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 59, komabe mu May 2025 kampani ya Ørsted ya ku Denmark idasiya ntchito ya Hornsea 4 yomwe idali m'gulu la zopambanazo. Mu January 2026 boma lidalengeza mapangano ena a mamegawati oposa 8,000, pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 65 pa kawerengedwe komwe kaja, ndipo nthawi ya chitsimikizo idatalikitsidwa kufika zaka 20.

Kukwera kwa mtengo kudafika pa nthawi yomwe mgwirizano wa zipani udayamba kusweka. Boma la Labour lomwe lidalowa mu 2024 lidapereka unduna wa zamagetsi kwa Ed Miliband, yemwenso adali nduna pomwe lamulo la 2008 linkavomerezedwa, ndipo lidaika chandamale cha mamegawati pakati pa 43,000 ndi 50,000 a panyanja pofika 2030, pomwe omangidwa kale adali pafupifupi 15,000. Koma mu March 2025 mtsogoleri wa chipani cha Conservative, mayi Kemi Badenoch, adati chandamale cha 2050 nchosatheka, ndipo mu October adalengeza kuti chipani chake chikadzalowa m'boma chidzachotsa lamulo lija. Chipani cha Reform UK nacho chidachenjeza makampani kuti chidzathetsa mapangano atsopano a mtengo.

Si zonse zomwe otsutsawa amanena zili zopanda mutu. Mphepo ikaleka kuomba, dziko limadalirabe gasi, kotero malo a gasi ayenera kusungidwa ndi kulipiridwa. Makina ambiri ali ku Scotland pomwe ogwiritsa ntchito ambiri ali kum'mwera kwa England, ndipo nthambo zolumikiza maderawa nzosakwanira. Mphepo ikachuluka, makampani amalipidwa kuti azimitse makina awo, kenako ena amalipidwa kuti ayatse a gasi kum'mwera. Mu 2024 zimenezi zidadya ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni. Oikira kumbuyo ndondomekoyi amayankha kuti vutolo ndi la kuchedwa kumanga nthambo, ndiponso kuti gasi ndiye adakweza mabilu a magetsi mu 2022.

Ku America mkangano udayamba ntchito isadayambe nkomwe. Mu 2001 kampani ina idapempha chilolezo choimika makina a mphepo m'nyanja ya Nantucket Sound, m'chigawo cha Massachusetts, pa ntchito yotchedwa Cape Wind. Pakati pa oikana padali Senator Edward Kennedy wa chipani cha Democratic, yemwe banja lake lili ndi nyumba moyang'anana ndi malowo, komanso William Koch, mpondamatiki wa malonda a malasha ndi mafuta. Milandu idatenga zaka 16, ndipo mu 2017 ntchitoyo idathetsedwa popanda mzati ndi umodzi womwe. Makina oyamba a panyanja m'dzikolo, omwe adali asanu okha, adayamba kugwira ntchito mu 2016 ku Block Island.

Mtsogoleri Joe Biden adaika chandamale cha mamegawati 30,000 pofika 2030. Donald Trump, yemwe mu 2015 adagonja kukhoti lalikulu la Britain pa mlandu wofuna kuletsa makina a mphepo pafupi ndi bwalo lake la gofu ku Aberdeen, adasintha zonsezi tsiku lomwe adalumbiritsidwa kachiwiri, pa 20 January 2025. Patsikulo adalamula kuti boma lisiye kupereka malo atsopano panyanja, ndipo adasainanso chikalata chotulutsa dziko la America mumgwirizano wa zanyengo wa ku Paris.

Mu August 2025 boma lake lidaimitsa ntchito ya Revolution Wind, yomwe idali itamangidwa kale magawo 80 mwa 100, mpaka khoti lidalola kuti ipitirire patatha mwezi umodzi. Mu December lidaimitsanso ntchito zisanu ponena za chitetezo cha dziko, ndipo makhoti adalolanso kuti zipitirire kumayambiriro kwa 2026. Otsutsa makinawa akhala akunena kuti amapha anamgumi, koma bungwe la boma loona za nyanja la NOAA lidati palibe umboni wa zimenezi. Madandaulo a asodzi, omwe akuopa kutaya malo ophera nsomba, ali ndi maziko omveka, ndipo kuthyoka kwa phiko la makina a Vineyard Wind mu July 2024, komwe kudamwaza zidutswa m'magombe a Nantucket, kudapatsa otsutsawa poyambira.

Kwa obwereketsa ndalama, kupambana kukhoti sikufafaniza mantha. Ntchito yotenga zaka pafupifupi khumi kuti ikonzedwe ndi kumangidwa imadutsa zisankho ziwiri kapena zitatu, ndipo chiopsezo chakuti boma latsopano lingaimitse ntchito chimawerengeredwa m'chiwongoladzanja cha ngongole yotsatira.

Pomwe maiko a azungu amakangana, dziko la China lidapitirira Britain mu 2021. M'chaka chimodzi chokhacho lidalumikiza pafupifupi mamegawati 17,000, kuposa onse omwe Britain adamanga m'zaka 20. Nakonso dzanja la boma ndilo lidayendetsa zinthu, chifukwa makampani ankathamangira kumaliza ntchito thandizo la ndalama lochokera kuboma lisadathe kumapeto kwa chakacho. Pofika kumapeto kwa 2024, pafupifupi theka la magetsi onse a mphepo ya panyanja pa dziko lapansi lidali ku China.

Dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja yamchere, koma mikanganoyi ikulikhudza pawiri. Poyamba, liwiro lomwe maiko a mafakitale akusiyira malasha ndi gasi ndilo lidzaonetse kukula kwa mavuto a nyengo omwe maiko osauka adzakumane nawo. Namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira mu January 2022 ndi kuchotsa mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Kachiwiri ndi mtengo wa ngongole. Ngati chiwongoladzanja cha 5.25 chidaimitsa ntchito ku Britain, vutoli nlalikulu koposa m'dziko lomwe banki yake yaikulu idaika chiwongoladzanja pa 26 mu 2024. Pa msonkhano wa zanyengo wa COP29 ku Baku mu November chaka chomwecho, gulu la maiko osaukitsitsa, lomwe pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi Malawi, lidapempha kuti thandizo lizibwera ngati mphatso kapena ngongole zofewa. Maiko omwe akutukuka kumene adapempha madola 1.3 thililiyoni pa chaka, koma maiko olemera adavomera kutsogolera posonkhanitsa madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035.