Mbatatesi Yobiriwira

Alimi anzathu, ku Tsangano ndi kuno ku Furancungo kumazizira, n'chifukwa chake mbatatesi imabereka bwino. Koma kodi mwaonapo mbatatesi yobiriwira khungu? Imabiriwira ikakhala padzuwa kapena powala. Ikatero imapanga chiphe chotchedwa solanine. Chiphechi chimawawa m'kamwa, chimapweteketsa m'mimba ndi kusanzitsa, makamaka ana. Kuphika sikuchichotsa ayi.

Nanga tichite chiyani? Kumunda, bandirani mizere kuti mbatatesi isaonekere. Mukakumba, yakudya isungeni mumdima, pozizira, popita mphepo. Ikabiriwira pang'ono, sendani kwambiri, muchotsenso mphukira. Ikamawawabe, tayani. Musapatse nkhumba.

Yambewu yokha ndiyo yoika powala, koma pamthunzi. Mphukira zake zimatuluka zazifupi ndi zolimba, ndipo sizithothoka pobzala.