NKHOPE YA MWANAWANKHOSA WA KU GHENT

Mu mzinda wa Ghent, m'dziko la Belgium, muli tchalitchi chachikulu cha Akatolika chotchedwa St Bavo. M'menemo muli chithunzi chimene anajambula abale aŵiri, Hubert ndi Jan van Eyck. Hubert anamwalira mu 1426 ntchito ili pakati, ndipo Jan ndiye anaitsiriza mu 1432. Chithunzicho chili pa matabwa 12 olumikizana, ndipo a m'mbali amatsekeka ngati zitseko za kabati. Pa thabwa lapakati chamunsi pali Mwanawankhosa ataima pa guwa, angelo ndi makamu a anthu atamzinga, monga mwa masomphenya a m'buku la Chivumbulutso.

Chithunzichi chaona zakuda. Mu 1566, pamene otsata chiphunzitso cha Calvin anali kuphwanya mafano ndi zithunzi m'matchalitchi a kumeneko (nkhani imene ife a Presbyterian sitingaiyese ya eni), anachibisa m'nsanja ya tchalitchicho. Mu 1934 mbala inaba matabwa aŵiri, ndipo limodzi silinapezeke. Limene lilipo ndi lofanizira chabe. Pa nkhondo yachiŵiri asilikali a Hitler anachitenga nakachibisa mu mgodi wa mchere ku Austria, kumene chinapezeka mu 1945.

Komatu amene anachisintha koposa ndiwo amene anachikonda. Cha m'ma 1550, amisiri ena poona kuti utoto wayamba kutha m'malo mwina, anapaka wawo pamwamba. Anagwira ntchitoyo mwaluso, kotero kuti kwa zaka zoposa 400 anthu ankatama dzanja la Van Eyck pamene maso awo anali pa dzanja la munthu wina.

Zimenezi zinaululika pamene akatswiri a bungwe la boma losamala chuma chamakedzana anayamba kukonza chithunzicho mu 2012. Ananyamula matabwawo, oŵerengeka pa nthaŵi imodzi, kupita nawo ku nyumba yoonetseramo zithunzi ya mu mzindawo, nagwirira ntchito m'chipinda cha khoma lagalasi, kuti aliyense wobwera aziona chimene akuchita. Atachotsa vanishi wakale amene anali atachita chikasu, ndi kuunika matabwawo ndi makina a X-ray, anapeza kuti pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a zithunzi za kunja kwa zitseko zija anali okutidwa ndi utoto wa anthu ena.

Apa ndipo panali mlandu. Utoto wapamwambawo nawonso unali wakalekale, ndipo mibadwo yambiri inapemphera pamaso pake. Munthu akaupala, sangaubwezere. Nanga atapeza kuti pansi pake palibe kanthu koma thabwa lonyonyotsoka? Akatswiriwo sanathamange ai. Anayamba afufuza kuti adziŵe ngati utoto wa Van Eyck unali wamoyo, ndipo anapeza kuti wambiri unali bwino lomwe, ndi kuti pakati pa utoto woyamba ndi wachiŵiri panali vanishi wakale wolekanitsa ziŵirizo. Atapangana ndi anzawo a maiko ena ndiponso eni tchalitchi, anayamba kupala ndi timipeni ta madokotala, diso lili pa makina okulitsa zinthu, kachigamba ndi kachigamba. Ife amene tinaphunzitsapo ana kufufuta cholakwa m'kope osabowola pepala, tingathe kuganiza kufatsa kumene kunafunika pa ntchito ya zaka zambiri yotere.

Tsono nkhani ya Mwanawankhosa mwini. Chiyambire 1951 anali ndi makutu anai, pakuti okonza a nthaŵi imeneyo anapala pang'ono pafupi ndi mutu, makutu oyamba naonekera, aja opakidwa pambuyo pake ali chikhalire. Pamene ntchito ya thabwa limeneli inatha mu 2019, nkhope yonse yoyamba inali poyera. Nkhope imene anthu anaizoloŵera inali ya nkhosa wamba, maso ali m'mbali mwa mutu. Ya Van Eyck ili ndi maso akutsogolo, oyang'anitsitsa woonayo ngati maso a munthu. Ambiri anadzidzimuka, ena anaseka pa intaneti, ena nanena kuti okonzawo aononga chithunzi. Ife tiona kuti mlanduwo unagwera osalakwa. Iwo sanajambule nkhope yatsopano. Anangovundukula imene mwini ntchito anaika, ndipo wojambula wa 1432 anadziŵa bwino kuti Mwanawankhosa ameneyu si wa m'khola.

Kufufuzaku ndiko kunabala chionetsero chachikulu chimene chinatsegulidwa m'nyumba yomweyo pa 1 February 2020. Zithunzi 8 za kunja kwa zitseko, pamodzi ndi za Adamu ndi Hava, anaziika payokhapayokha, motsika kulingana ndi maso a munthu, pamene m'tchalitchi zimakhala pamwamba ndi patali. Zithunzi za Jan van Eyck zimene zatsala pa dziko lapansi ndi pafupifupi 20 zokha, ndipo okonza chionetsero anabwereka pafupifupi theka la zimenezo ku maiko osiyanasiyana, naziika pafupi ndi matabwa oyeretsedwawo. Munthu ankatha kuyerekeza yekha m'mene mmisiriyo ankajambulira kuŵala pa nsalu, pa khungu ndi pa mwala. Chikhala kuti utoto wachilendo uja unalipobe, kuyerekezako kukadasokeretsa anthu, pakuti akadayesa ntchito ya Van Eyck ndi muyeso wa munthu wina.

Chionetserocho sichinafike tsiku lake. Mliri wa Covid-19 unachitseketsa mu March, patangopita masabata 6, ndipo ambiri amene anagula kale matikiti sanachione. Mu 2021 chithunzi chinaikidwa m'bokosi latsopano lagalasi m'tchalitchi cha St Bavo, losunga kutentha ndi chinyezi pa muyeso umodzi kuti matabwa asapindike. Mu 2023 akatswiri aja anatenga matabwa a m'mwamba, nabwerera nawo kuseri kwa khoma lagalasi lija.